Keyala Imene Ndinaikana

Ndikukumbukira zenera la positi la ku Malindi ngati ndachokapo dzulo. Kanali kazenera ka mawaya, kotseguka m'munsi mongokwana dzanja limodzi, ndipo pamenepo pankanunkha guluu wa masitampa, inki ndi fumbi la matumba a makalata. Mkati munkakhala bambo wina wa magalasi okhuthala amene tinkangowatchula kuti a Positi. Dzina lawo lenileni sindinalidziwepo. Ine ndinali ndi zaka khumi, kapena khumi ndi chimodzi, palibe ankawerenga, ndipo makalata a mudzi wathu wonse ankayenda pa miyendo yanga.

Inu anzanga amene munakulira kuno ku Mangochi mukudziwa mmene midzi inalili masiku amenewo. Amuna amphamvu anali atathera ku Joni ndi ku Halale. M'mudzi munatsala amayi, nkhalamba, mbuzi ndi ife. Bambo anga, Che Ajusa, anachoka ndili wamng'ono kupita ku mgodi wina wa ku Halale. Chimene ndimakumbukira cha iwo ndi msana wawo wotakata, ndi fungo la sopo wofiira m'malaya mwawo tsiku la Lachisanu popita ku mzikiti. Nkhope ndinaiiwala msanga, ndipo chithunzi tinalibe.

Sukulu ndinalowa, wina asaname kuti sindinalowe. Ndinakhalamo zaka ziwiri zathunthu, mpaka mjomba wanga, mlongo wawo wa mayi, anandichotsa poopa kuti ndidzabwerako ndi dzina lachilendo. Ndinatuluka ndikudziwa manambala onse. Zilembo ndinkazidziwa monga mmene umadziwira anthu a mudzi woyandikana nawo, nkhope ukuizindikira koma dzina ayi. Mpaka lero zili choncho. Zimene mukuwerengazi wonena ndine, wolemba ndi mdzukulu wanga, ndipo ndamuuza kuti akasintha liwu limodzi ndidzadziwa.

Makalata a m'mudzi ankalemba ndi Yohane, mnyamata wa kutsidya kwa dambo amene anapitirira ndi sukulu. Mayi aliyense ankabwera ndi kapepala kake ka keyala, kamene anakasunga m'chitini kapena m'mfundo ya nsalu, kena kothimbirira ndi utsi, kena kodyedwa ndi mphemvu. Yohane ankakopera mmene angathere, ine n'kunyamula. Ulendo wa ku Malindi unali wa maola awiri, mchenga wotentha mpaka m'akakolo, kudutsa m'malambe ndi pa matandala a usipa. Ukafika, a Positi ankatenga kalata imodzi imodzi, kuiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo zina ankazikankhira kunja ndi chala chimodzi. "Iyi ikupita kuti? Kumwamba?" Anthu a pamzere ankaseka. Ine ndinkabwerera nayo maola ena awiri, kukaipereka kwa mayi amene anali atayamba kale kuwerenga masiku a yankho.

Manyazi amenewo ndi amene anandiphunzitsa. Ndinayamba kuyang'anitsitsa makalata amene ankalowa ndi amene ankabwezedwa. Kuwerenga sindinkatha, koma maso ndinali nawo, ndipo ndinaona kuti keyala yabwino ili ndi thupi lake ngati nsomba, mutu, mimba ndi mchira. Mizere inali inayi. Woyamba unali wautali, dzina la munthu. Wachiwiri unali wa manambala, nambala yake ya ku ntchito. Wachitatu unkakhala ndi zilembo zitatu zimene ndinaziloweza, cha mimba ziwiri, kenako dzira, kenako timitengo tiwiri topingasa, ndipo pambuyo pake manambala enanso. Ameneyo ndiye anali bokosi. Wachinayi unali dzina la tauni, lokhala ndi mzere kunsi kwake. Kalata iliyonse yokhala ndi zinayi zimenezi inkalowa pa zenera popanda funso.

Ndiye ndinatola katoni ya sopo kuseri kwa sitolo, n'kuboolapo mabowo anayi ndi lumo, lalitali, lalifupi, lapakatikati ndi lina lapansi. Yohane ankaika katoniyo pa envelopu n'kulemba m'mabowomo, ine nditaima kumbuyo kwake ngati kapitawo. Kapepala kakabwera kopanda manambala, ndinkakabweza. Kopanda cha mimba ziwiri, ndinkakabweza, n'kuuza mwini wake kuti akafufuze kalata yakale ya mwamuna wake tione kumbuyo kwake. Kuyambira pamenepo a Positi sanandikankhirenso kalata. Tsiku lina anachita kutulutsa mutu pa khomo n'kuuza anthu a pamzere kuti kamnyamata aka kali ndi nzeru kuposa ena ovala nsapato. Mawu amenewo ndinawanyamula mpaka kumudzi, ndipo ndinawauza aliyense, ngakhale amene sanandifunse. Amayi a midzi ina anayamba kubwera ndi timapepala tawo kuti ndiwaonere, ena ndi mtedza, ena ndi nzimbe. Anandipatsa dzina loti Bwana Keyala. Mawu anga ndi awa omwe mumawadziwa, amene anyamata a ku mzikiti amati ine ndikakhalapo sipika ikhoza kupuma. Ndinali nawo kale nthawi imeneyo, ndipo ndikanena kuti keyala iyi ndi yabodza, nkhuku zinkathawa pabwalo.

Chaka chimenecho chinali chaka changa cholowa jando. Anzanga onse a msinkhu wanga anali atauzidwa kuti chimanga chikalowa m'nkhokwe ndi mphepo ya mwera ikayamba, tipita ku ndagala, ku msasa wa kutchire kumene anyamata amakhala mpaka atapola. Za mpeni sindinkaopa kwenikweni, kapena ndinene kuti ndinkaopa koma sindinkanena. Chimene chinkandidya mumtima chinali tsiku lotuluka. Pa tsiku limenelo mnyamata amakhala pa mphasa atafunditsidwa nsalu kumutu, ndipo amabwera munthu kudzamuvundukula pamaso pa mudzi wonse. Ine ndinkafuna kuti nsalu imeneyo aichotse bambo anga, kuti chinthu choyamba kuona ndili mwamuna chikhale nkhope imene ndinaiiwala ija. Mayi anga, Abiti Saidi, ananena kuti tiwalembera nthawi ikadalipo. Yankho lochokera ku Halale linkatenga milungu isanu.

Sabata yomweyo kunafika Che Bwanali, amene anali atatha zaka zambiri kunja. Anabwera ndi sutikesi yachitsulo ndi chipewa cha nthenga, ndipo anali munthu wa nkhani. Ankanena kuti anayendetsapo sitima ya pamtunda woyendetsa wake atagona, ndi kuti ku Halale kuli nyumba zazitali zoti ukakwera pamwamba umaona phiri la kwathu. Ana tinkamukonda, akulu ankamvetsera ndi khutu limodzi. Anafika pakhonde pathu mayi akusankha mpunga, anapereka salamu, n'kutulutsa m'chipewa muja kapepala kopindapinda. Anati iye sanawaone bambo anga ndi maso, koma pa siteshoni ina anakumana ndi munthu wa ku Chiponde amene anamupatsa kapepalako, akuti Che Ajusa anachoka ku mgodi, ali pa famu ya fodya, ndipo makalata azipita kumeneko.

Mayi zilembo za Chiarabu ankaziwerenga bwino, koma za Chizungu ankati ndi mapazi a nkhuku. Anandipatsa ine. Ndinakatambasula pa bondo n'kuwerenga mizere. Inali itatu. Nambala ya ku ntchito panalibe. Cha mimba ziwiri panalibe. Pa mzere wachiwiri panali kanthu kamene sindinakaonepo, kamwezi kakang'ono, kamtengo kopendekeka ndi kadzira, kenako dzina lalitali. Ndinatenga katoni yanga n'kuika pamwamba, kuti onse aone kuti bowo limodzi latsala lopanda kanthu.

"Iyi si keyala," ndinatero, ndipo ndinanena mokweza kuti a nyumba yachitatu amve. "Bokosi lili kuti? Kalata ikagona pati, pamtengo?"

Che Bwanali anaseka. "Bwana Keyala, ine ndangonyamula. Kumeneko kulibe mabokosi, ndi kutchire."

"Kumene kuli nyumba zoona phiri la kwathu kulibe mabokosi?"

Amayi ena amene anali pakhondepo anaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo Che Bwanali anavala chipewa chake n'kunyamuka. Mayi sanaseke. Anandifunsa chapansipansi kuti, "Nanga tikalemba ziwiri, ina kwakale, ina uku?"

Ndinakana. Ndinati a Positi akaikankhira kunja pamaso pa anthu, ndipo ine sindinyamula manyazi a munthu wina. Ndinawonjezanso chinthu chimene ndinangochipeka pomwepo, chakuti munthu akachoka ku mgodi, a mgodiwo amamutsatira ndi makalata ake kulikonse kumene wapita. Ndinachinena mwamphamvu kotero kuti inenso ndinachikhulupirira. Mayi anandiyang'ana nthawi yaitali. Mudzi wonse unkandidalira pa zimenezi, iwo akanatsutsa ndi chiyani? Anapinda kapepalako n'kukaponya m'chitini cha singano.

M'mawa mwake Yohane anabwera ndi cholembera chake. Mayi ananena mawu ochepa, kuti tonse tili bwino, mpunga wachita, mwana wanu akulowa jando mwezi wozizira, bwerani mudzamuvundukule nokha. Ine ndinalowerera kuti alembenso zoti abwere ndi nsapato, ndipo ndinaponda pa pepala lina kuti Yohane ajambule phazi langa, asalakwitse kukula kwake. Tinaika zonse mu envelopu, katoni pamwamba, mizere inayi yokongola, keyala yakale ya ku mgodi. Kapepala kena kaja ndikanatha kukatenga, kukaonetsa a Positi n'kufunsa. Ndinadutsa pafupi ndi chitinicho potuluka. Koma Bwana Keyala angafunse bwanji za keyala? Paja akulu anati safunsa anadya phula. A Positi analandira kalatayo osayang'ana n'komwe kawiri, anaimenya chidindo, ndipo ine ndinabwerera kumudzi ndikuimba mluzu.

Milungu isanu inatha. Wachisanu ndi chimodzi, wachisanu ndi chiwiri. Ndinkati mwina sakuyankha chifukwa ali kale m'njira, munthu amene akubwera yekha alemberenji. Mwera unayamba, nyanja inachita thovu, ngalawa zinakokeredwa kumtunda, ndipo tsiku linafika. Za ku ndagala sindinena, zimenezo sizilembedwa. Ndingonena kuti kunkazizira, kunkanunkha utsi wa nkhuni zaziwisi, ndipo msasa wathu sunali kutali kwambiri ndi msewu. Lole ikamadutsa ndinkasiya kuimba n'kutchera khutu kuti ndimve ngati yaima. Wotiyang'anira anandimenyapo kawiri chifukwa cha zimenezo. Anzanga ndinali nditawauza kale kuti bambo anga akubwera ndi nsapato zakuda za zingwe, ndipo ndinkawalonjeza kuti amene ali ndi khalidwe ndidzamubwereka ayendeko pang'ono.

Tsiku lotuluka anatisambitsa m'mamawa, kutimeta, kutidzoza mafuta mpaka tinanyezimira ngati mlamba. Anatikhazika pa mphasa mondondozana pabwalo, aliyense nsalu kumutu, maso pansi. M'kati mwa nsalu munkatentha, munkanunkha utoto wa nsalu yatsopano. Ng'oma zinkagunda m'chifuwa, nthungululu zili ponseponse. Ukakhala choncho suona nkhope ya munthu, umangoona mapazi. Ndinaona mapazi a amayi ovina, fumbi lili kobo. Ndinaona nkhwaira za matayala zitaima patsogolo pa mnzanga wa kumanja, ndipo ndinamva bambo ake akumutchula dzina latsopano. Ndinaona mapazi ena ataima kwa wa kumanzere. Ine ndinkadikira nsapato. Ndinkadziuza kuti afika ndi lole ya m'mawa, aima kumbuyo kwa anthu kuti andidzidzimutse.

Kenako patsogolo panga panaima mapazi awiri opanda kanthu, ong'aluka zidendene, chala chachikulu chopanda chikhadabo chimene chinaphwanyidwa ndi bwato. Ndinawadziwa. Anali a mjomba. Anaima pamenepo kanthawi, ngati nawonso akupereka mpata kwa wina, kenako nsalu inachoka. Anandipatsa dzina ili la Jafali limene mumandiitana nalo, ndi kabudula wa kaki. Anachita zonse bwino, Mulungu awachitire chifundo. Mwambo umati mnyamata asadzutse maso tsiku limenelo, ndipo palibe amene anausunga bwino kuposa ine.

Kalata ija inabwerera nthawi ya dzuwa, mango atayamba kupsa. A Positi anaikankhira kunja ndi chala chimodzi chija. Inali yakuda m'mphepete chifukwa chodutsa m'manja ambiri, yodindidwa zidindo zofiirira, ndipo mizere yanga inayi inali itakhwatchidwa ndi mzere umodzi wa pensulo.

"Munthuyu kulibe kumeneko," anatero a Positi.

"Koma keyala ndi yokwana. Onani, bokosi ilo."

"Yokwana, inde. Bokosi liripo, mgodi ulipo. Munthu ndiye kulibe."

Panalibe anthu pamzere tsiku limenelo. Ndinanyowetsa chala ndi malovu n'kujambula pa thabwa la zenera kanthu kaja, kamwezi, kamtengo kopendekeka ndi kadzira. Ndinafunsa, ndi mawu aang'ono amene sindinkadziwa kuti ndili nawo, ngati anakaonapo. Anati amakaona tsiku lililonse. Kamatanthauza kuti kalata ikafikire m'manja mwa munthu wina, kawirikawiri mwini sitolo, amene amasungira anthu a m'mafamu opanda bokosi. Anati keyala yotero ndi yabwinobwino, imafika. Ya m'mudzi mwathu inali isanabwerepo yotero chifukwa amuna athu onse anali m'migodi, basi.

Njira ya maola awiri ija ndinaiyenda maola anayi. Ndinapeza mayi akupeta pabwalo. Ndinaika kalatayo pa mphasa pafupi ndi lichero. Anaiyang'ana, anayang'ana zidindo, anapukuta manja pa nsalu yawo n'kulowa m'nyumba. Ndinamva chitini cha singano chikutseguka. Potuluka anandipatsa kapepala kaja n'kunena kuti, "Kaitane Yohane. Katoni uisiye." Mawu a mayi pa nkhani imeneyi anathera pomwepo. Anakhala ndi moyo zaka zina makumi atatu, ndipo sanaitchulenso ngakhale tsiku limodzi, ngakhale pamene tinkakangana za zina. Akanandikalipira bwenzi zitandipepukira.

Tinalembanso pa keyala ya mizere itatu ija, n'kuikamo phazi lojambula lija, ndipo yankho linabwera pa milungu isanu ndendende. Yohane anawerenga tili pakhonde. Bambo anati anali atawerenga zaka, ankadziwa kuti jando yanga yayandikira, ndipo anali atapempha kale tchuthi kwa mwini famu. Loweruka lililonse ankayenda wapansi kupita ku sitolo ya pa siteshoni kukafunsa ngati kwabwera kalata ya Ajusa. Mwini sitolo anafika pomangopukusa mutu akawaonera patali. Miyezi yozizira itatha anaganiza kuti mwina jando yaimitsidwa, kapena mwina kwathu tinawaiwala, ndipo analembetsanso chaka china cha fodya. Anati phazi lojambula lija alilandira, ndi lalikulu, mwana wakula. Anati adzabwera fodya akagulitsidwa, Insha Allah.

Fodya anagulitsidwa, kunabwera chaka china, njira zinavuta, kenako chifuwa chinawagwira. Makalata ankabwerabe, onse ochokera pa keyala ya mizere itatu ija, mpaka inabwera ina yolembedwa ndi mnzawo. Anawaika komweko Ayao anzawo a pa famupo. Nkhope ija sindinaionenso. Lero ndine wamkulu kuposa bambo anga ndi zaka zambiri, ndili ndi maboti awiri pa Nkhudzi ndi nyumba ya malata imene ndinamanga ndi manja anga, koma ndikawalota amakhala atandifulatira, ndimangoona msana.

Nkhani imeneyi sindinauzepo ana anga. Chimene chaitulutsa ndi mdzukulu wanga Asiyatu, amene akulembayu. Iyeyu anaphunzira za makompyuta ku Blantyre, ndipo anapangira loji ina ya kuno tsamba la pa intaneti loti alendo azisungitsirapo zipinda. Mwezi wathawu anakhala pakhonde panga ndi laputopu yake, nkhope itakwinyika. Mwini loji anali atamuimbira kuti mlendo wina wakunja wayesa katatu kulemba imelo yake, tsambalo likumukana kuti adiresi yake ndi yolakwika, ndipo watsala pang'ono kupita kwina.

Ndinamufunsa kuti makina amadziwa bwanji kuti adiresi ndi yolakwika, kodi amamudziwa munthuyo? Anati ayi, Anganga, samudziwa. Anandionetsa mzere umodzi wa tizizindikiro tothithikana ngati nyerere pa fupa, timikombero, timitanda, tinyenyezi. Anati umenewu amautcha rejekisi. Suwerenga dzina, sudziwa tanthauzo, umangoyeza maonekedwe. Poyamba pakhale zilembo kapena manambala. Kenako pakhale kachilembo kamene kadzizunguliza ndi mchira wake ngati galu wogona, kamodzi kokha. Kenako zilembo zina, kenako kadontho, ndipo kumapeto zilembo ziwiri kapena zitatu. Adiresi ikakwana m'menemo imalowa. Ikapanda kukwana, tsamba limafiira n'kuibweza.

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinamuuza kuti mwana iwe, sukulu yonse ija anakuphunzitsa kuboola katoni ya sopo. Sanamve, ndiye ndinamufunsa kuti ya mlendoyo yaperewera pati. Anayang'ana n'kunena kuti kumapeto kwake kuli zilembo zisanu ndi chimodzi, osati zitatu, ndipo pakati pali kamtanda kowonkhetsera kamene iye sanakalole.

"Ndiye ndi yabodza?"

"Ayi, Anganga, ndi yeniyeni. Zoterozi ziliko, kungoti ine ndinali ndisanakumane nazo."

Apa kuseka kunandithera. Ndinafunsanso ngati munthu atalemba adiresi yokongola, yokwana paliponse, koma mwini wake anachokapo kalekale, makinawo angadziwe. Anati sangadziwe, ailandira ndi manja awiri.

Akuti ndinakuwa, ine ndikuti ndinangolankhula. Anthu a ku dooko anatembenuka. Ndinamuuza kuti akulitse mabowowo. Chimene sanachionepo asachitche chabodza. Achilole chilowe, atumizeko mawu, aone ngati kuli munthu woyankha. Iye anandiyang'ana modabwa, n'kunena kuti akatswiri ambiri amalangiza zomwezo, kuti rejekisi izingoona zikuluzikulu, kachilembo ka mchira kaja ndi kadontho, kenako tsamba litumize uthenga ku adiresiyo kuti mwini wake atsimikize yekha. Anafunsa kuti ndinazimva kuti. Ndinamuuza kuti akonze kaye za mlendoyo. Anafufuta tina, analemba tina, anaimbira mwini loji, ndipo tiyi wanga asanazizire foni yake inalira kuti mlendo uja walowa, watsimikiza, chipinda wapeza. Pamenepo ndi pamene ndinamukhazika pansi n'kuyamba kumuuza za zenera la ku Malindi.

Zinthu zasintha, anzanga. Mnyamata wa lero akamatuluka ku ndagala, bambo ake ali ku Joni amaonera pa foni, amatumiza nsapato pa basi, ena amafika okha atangoimbiridwa dzana. Munthu akalakwitsa keyala amadziwa nthawi yomweyo, amakonza, palibe chimene chatayika koma mphindi. Sindidandaula nazo, ndi zabwino, ndipo amene amati kale kunali bwino sanayendepo mumchenga wa ku Malindi masana. Kungoti ife cholakwa chimodzi chinkatenga miyezi kuti chibwerere, ndipo pobwera chinkapeza mwambo utatha, nsalu itachotsedwa kale ndi munthu wina.

Za ine ndinazolowera. Chimene chimandikhalabe pamtima ndi bambo uja wa pa famu, atasamba, atavala malaya ake a Loweruka, akuyenda m'mbali mwa njanji kupita ku sitolo, tchuthi atapempha kale. Miyezi itatu yathunthu ankabwerera chimanjamanja akuganiza kuti mwana wake sakumufuna. M'makalata onse amene tinalemba pambuyo pake ndinkawauza za mpunga, za mbuzi, za nsomba zimene ndagwira. Sindinamuuzepo Yohane kuti alembe kuti kapepala kanu kanafika nthawi yabwino, Baba, amene anakakana ndine. Asiyatu, lemba pamenepo. Lemba mmene ndaneneramo.